Manja a Enelesi

Zimene ndinataya ndi izi.

Enelesi, mkazi wanga.

Nyumba ya zipinda ziwiri ku Chulu, imene njerwa zake ndinaumba ndekha pamalo a kwawo kwa mkazi wanga.

Kudzuka m'nyumba imodzi ndi mwana wanga Takondwa. Ali moyo, akukhala ndi agogo ake, ndipo ine ndimakamuona ngati mlendo.

Nyengo ziwiri za fodya zimene Enelesi anali akulankhulabe, ine ndili kudziko la eni.

Sikuta yokha, njinga ya batire yoyendera olumala, ndi imene sindinataye. Ili muno m'chipinda chimene ndikuchita lendi pa boma pa Kasungu, yofiira, yofunditsidwa chitenje. Chitseko sichitseguka chonse chifukwa cha iyo, ndiye ndimalowa cham'mbali.

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tili m'chigafa, nyengo yosankha fodya. Ndinali nditamaliza dipuloma ya zaulimi, koma makalata ofunsira ntchito ankangopita osayankhidwa, choncho ndinkakhala chikamwini kwawo kwa Enelesi n'kumalima fodya monga aliyense. Pa nthawiyo miyendo ya Enelesi inali itasiya kale kugwira ntchito. Inayamba kufooka Takondwa atangoleka kuyamwa. Poyamba ankapunthwa m'mizere, tinkaseka. Kenako anayamba kuyendera ndodo, kenako ndodo ziwiri. Kuchipatala cha pa boma anatitumiza ku Lilongwe, kumene dokotala anatiuza kuti ndi nthenda ya mitsempha, yoyenda pang'onopang'ono, yopanda mankhwala ochiza. Anati yayambira kumiyendo, ndipo sangalonjeze kuti ithera komweko. Tinabwerako ndi chikuku chakale chopalasa ndi manja.

Amene anafikako ku Chulu akudziwa mchenga wake. Chikuku chija chinkayenda bwino pakhonde pokha. Chikangotsikira pabwalo mateyala ankatitimira, ndipo pankafunika munthu wokankha. Koma manja a Enelesi anali amphamvu. Ankasoka fodya mofulumira kuposa tonse, ndipo posankha ankangosisita tsamba kamodzi n'kuliponya pamulu wake, akucheza, osayang'ana n'komwe.

Tsiku limenelo ndinachoka kukabwereka jeke yodindira mabelo, ndipo ndinachedwa. Pobwera ndinapeza dzuwa litatembenuka, likumuwomba kumaso, iye ali pomwe ndinamusiya pakhomo la chigafa, thukuta lili kamukamu. Sanandikalipire. Anati, "Bambo a Tako, miyendo sindikuidandaula. Chanditopetsa n'kudikira. Ndikafuna mthunzi ndidikire munthu, ndikafuna dzuwa ndidikire munthu. Ngakhale kukwiya sindingakwiye bwino, poti wokwiya amanyamuka n'kuchokapo."

Kuchipatala ku Lilongwe kuja tinali titaona bambo wina akudutsa yekha m'khonde pa chikuku cha batire, popanda womukankha, ndipo Enelesi anamutsatira ndi maso mpaka anakhota. Ndinadziwa kuti fodya wathu sangagule chinthu chotere ngakhale titalima mpaka kukalamba. Mabelo atagulidwa chaka chimenecho, ndinakonza pasipoti. Ndinamuuza Enelesi kuti adzayenda yekha, ndipo sindidzabwera chimanjamanja.

Apongozi anga, mayi ake a Enelesi, ndinawatsanzika monga mkamwini amachitira: iwo ali pamphasa atapenya kumbali, ine nditakhala pansi chapatali. Anati, "Pitani, bambo. Wodwalayu ndinabereka ndine. Inu kalimbikeni kumeneko."

Ku Joni ndinayamba ndi maganyu a m'maluwa ndi kutsuka magalimoto. Patapita miyezi, bambo wina wa ku Kapelula amene ankabwerera kumudzi anandisiyira ntchito yake: kusamalira mzungu wina wokalamba amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. M'mawa ndinkamudzutsa mkuluyo, kumusambitsa, kumumeta, kumuveka, kumukhazika pachikuku. Ndinaphunzira kunyamula munthu wamkulu osathyoka msana, ndi kumutembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Zonsezi ndinkachitira bambo wa eni ake, pamene mkazi wanga ankanyamulidwa ndi mayi ake okalamba ndi mng'ono wake Agi. Ganizo limeneli sindinkalilola kukhalitsa m'mutu. Linkabwera, ndinkalichotsa, ndinkapitiriza kupukuta.

Mkuluyo sankalankhula zambiri. Ankanditchula dzina la bambo wa ku Kapelula uja, ndipo sindinamukonze. Masiku ena tsiku lonse linkatha mawu anga asanamveke kwa munthu aliyense, kupatula "dzukani" ndi "tsegulani pakamwa." Nyengo yozizira ya kumeneko si ya ku Kasungu. Imalowa m'mafupa, ndipo m'kachipinda kanga munalibe choothera.

Ndalama zinkabwera mwezi ukatha. Gawo lina ndinkatumiza kumudzi la feteleza, sopo ndi aganyu olima m'malo mwanga. Lotsala ndinkasunga. Ndinkadya buledi ndi zipalapasiro za nkhuku. Masiku amene ndinaloledwa kukhala m'dzikomo anali atatha kale, choncho ndikaona galimoto ya apolisi ndinkalowa m'sitolo iliyonse imene ili pafupi. Lamlungu ndinkapita pamalo pamene mabasi a ku Malawi amapakira katundu. Ndinalibe chotumiza. Ndinkangofuna kumva anthu akukangana m'Chichewa.

Ndi Enelesi tinkalankhulana pa mauthenga ndi mavoisi. Netiweki kumudzi kuja imagwira bwino pafupi ndi mjigo pokha, ndiye Agi ankatenga foni popita kotunga madzi kuti mauthengawo achoke. Enelesi ankandiuza za nazale, za mvula, za mawu atsopano amene Takondwa waphunzira. Ine ndinkamutumizira zithunzi nditaima m'maluwa a abwana. Akuba atandigwira pafupi ndi siteshoni ya sitima, n'kundilanda foni ndi kundigulula dzino, ndinatha masiku osatumiza uthenga, kenako ndinamuuza kuti foni inagwera m'madzi. Kubisa sikunali kwa mbali imodzi.

Chaka chachiwiri chili mkati, Enelesi anasiya kulemba, n'kumangotumiza mawu okha. Kumayambiriro kwa voisi iliyonse ndinkamva Agi akunong'ona kuti, "Yayamba, lankhulani." Ndinkaganiza kuti ndi zocheza za pachibale.

M'nyumba ya abwana munali zinthu ziwiri, ndipo chimodzi mwa izo n'chimene ndinapitira ku Joni. M'galaja munali sikuta yofiira ya mateyala anayi, yokhala ndi mpando ngati wa mu ofesi, mahandulo kutsogolo ndi kabasiketi. Mkuluyo ankayendera imeneyo kupita kusitolo nthenda isanamugwire kachiwiri. Tsopano ankakhala pa chikuku cha batire, chowongolera ndi kandodo kakang'ono pamalo otsamiritsa mkono. Mwana wake wamkazi anati sikutayo atha kundigulitsa motchipa, ndingogula mabatire atsopano. Chikuku cha batire, ngakhale chakale, mtengo wake unkafuna kuti ndikhalenso chaka china.

Amene anandiuza zoona anali mayi wina wa ku Soweto amene ankabwera kudzawongola ziwalo za mkuluyo. Tinkamutchula kuti Sisi. Nditamufotokozera za Enelesi, ananditengera m'galaja n'kundikhazika pa sikuta. Anati nditambasule manja onse awiri, ndigwire mahandulo, ndikanikize kachitsulo koyendetsera ndi chala chachikulu, ndikhale choncho osatsamira.

"Ukangosiya kachitsuloko, imaima yokha," anatero. "Iyi ndi ya munthu amene miyendo yatopa koma msana ndi manja zili bwino. Panja imayenda, pamchenga imayesetsa, mtunda imapita. Koma m'nyumba yaing'ono siitembenuka, ndipo siigwira munthu. Munthu ndiye amaigwira."

Chikuku, anati, chimamugwira munthu msana ndi mutu, chimazungulira pamalo amodzi, ndipo chimamvera ngakhale zala ziwiri. Kuipa kwake, timateyala take takutsogolo timadana ndi mchenga, n'cholemera, ndipo chikawonongeka kumudzi palibe wochikonza.

"Nthenda yake ikuyenda kapena yaima?" anafunsa.

Ndinati ikuyenda, koma pang'onopang'ono.

"Ndiye usagulire mkazi amene unamusiya. Gulira amene ukamupeze. Funsa za manja. Usafunse kuti ali bwanji. Funsa ngati akutha kudzipesa, ngati akutha kunyamula kapu yodzaza."

Lamlungu lotsatira Agi ndi apongozi anamukankha Enelesi mpaka kumjigo kuti tilankhulane pakamwa. Ndinamufotokozera zonse monga mmene Sisi ananenera, ubwino ndi kuipa, ngati ndikuyankha mayeso. Anamvetsera osandidula. Kenako anafunsa funso limodzi.

"Nanga chimene chingakubweretseni msanga ndi chiti?"

Ndinati sikuta. Ndikatenga sikuta ndifika fodya asanapite ku okushoni. Ndikatenga chikuku, mpaka chaka chamawa.

"Ndiye mukuvutikiranji? Ine ndikufuna ya mahandulo. Ndizikafika pa tiredingi ngati wa kabaza, a Yusufu azindituma kukawatengera shuga wa m'sitolo mwawo. Chikuku ndili nacho kale, anthu achiona, chawakwana."

"Ene, manja ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Ukutha kudzipesa?"

"Iii, munapita ku Joni kukaphunzira udokotala? Ndinametatu ine, kukutentha kuno. Ndipese chiyani?"

Tinaseka. Ndinapempha kuti andipatse apongozi.

"Amayi, ndimafuna ndimve kwa inu. Manja a mayi a Tako ali bwanji?"

"Akupezako bwino, bambo. Inu gwirani ntchito, mtima ukhale m'malo."

Mkamwini sangawafunse apongozi ake kachiwiri chinthu chimene ayankha kale. Kutero n'kuwauza kuti akunama. Ndinathokoza, ndinadula foni.

Kwathu munthu amene ali kutali sauzidwa matenda mmene alili. Timati angasokonezeke mutu, angagundidwe ndi galimoto, angasiye ntchito n'kubwera wopanda kanthu. Wodwala amakhala "akupezako bwino" mpaka tsiku limene timaimba kuti "matenda akula, nyamukani," ndipo nthawi zambiri poimba choncho timakhala titamutseka kale maso. Bambo anga atamwalira ku Kaomba, ine ndemwe ndinaimbira achimwene anga ku Mzuzu mawu amenewa, mtembo uli m'nyumba. Mwambowu ndinkaudziwa. Chimene sindinaganize n'chakuti ungalowenso m'funso la makina. Ndinkaona ngati ndafunsa muyezo, monga mmene ungafunsire kukula kwa chitseko, ndipo ndapatsidwa muyezo. Apongozi anamva mwana wawo ali kudziko la eni akufunsa za matenda, ndipo anamuyankha monga timayankhira.

Ndinagula sikuta. Sisi atamva anandifunsa, "Wawaona manjawo?" Ndinati ndauzidwa.

Ndinaika mabatire atsopano, ndinasintha mateyala, ndinaipukuta mpaka inkawala. Ndikaweruka ndinkaiyendetsa pabwalo la abwana, ndikuyerekeza njira yochoka kunyumba kwathu, kudutsa pachigafa, kukafika pasitolo ya a Yusufu, amene anali atavomera kale kuti azititchajira mabatire pa sola yawo. Ndinapangana ndi abwana kuti ndichoka mwezi ukatha. Foni ya amalume ake a Enelesi inandipeza mwezi usanathe.

"Bambo, matenda akula. Nyamukani."

Sikuta inakwera m'ngolo ya basi, yokulungidwa m'mabulangete, pakati pa mafiriji ndi matumba a anthu ena. Pachipata chotulukira m'dzikomo anandidinda chidindo choti ndisabwererenso kwa zaka zingapo chifukwa chokhalitsa. Sizinandikhudze. Tinadutsa Zimbabwe, tinawoloka Zambezi pa Tete, tinalowera pa Dedza. Ulendo wonse foni inali m'thumba ndipo sindinaimbire aliyense, poti ndinkadziwa kuti aliyense andiuza zomwezo. Amayi ena amene ndinakhala nawo pampando anandifunsa ngati njinga ija ndi ya bizinesi. Ndinati ndi ya akazi anga. Anati, "Ali ndi mwayi."

Pa boma ndinachita hayala kagalimoto ka matola. Fodya m'minda anali atathyoledwa, kwatsala mitengo yake yokha ili njo, ndipo zigafa m'mbali mwa msewu zinali zodzaza. Titapatuka kulowa njira ya kumudzi ndinayamba kuyang'ana pansi, kufuna nthambi zamasamba zimene timaika panjira kukakhala maliro. Panalibe. Ndinamuuza dalaivala kuti ayende pang'onopang'ono ndiyang'anitsitse. Panalibe ndithu.

Enelesi anali moyo. Ndinamupeza kuchipinda, atamutsamiritsa kukhoma ndi mapilo, mbali ina ataika thumba la chimanga kuti asagwe. Anali atatha thupi. Mutu unkapendekera paphewa. Manja aja anali pamiyendo, opindika, zikhatho zikuyang'ana kumwamba, ngati zinthu zimene wina waziiwala pamenepo. Ndinagwira lamanja. Zala ziwiri zinandifinya mofooka, chachikulu ndi chamkombaphala. Zina zonse zinali zii.

"Mwabwera nayo?" anafunsa. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ngati akuwakoka pachitsime chakuya.

Ndinati ili panja.

"Yofiira?"

"Yofiira."

Anandiyang'ana pakamwa. "Dzino lili kuti?"

Ndinati ndimuuza bwino.

"Foni inagwera m'madzi, eti?" anatero, n'kuseka ndi maso okha.

Takondwa anabisala kumbuyo kwa agogo ake, akundisuzumira ngati venda wodzagula fodya.

Sikuta sinalowe pachitseko. Inakhala pakhonde, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaiona. Amuna ankagogoda mateyala, ana ankaliza hutala, amayi ankati, "Mkamwini uyu ndi mwamuna, ena amangobwera ndi mawailesi." Ndinkayankha moni wa aliyense. M'mutu mwanga munali kandodo kaja ka pachikuku cha abwana, kamene kamamvera zala ziwiri. Chikuku chikanalowa pachitseko chija. Chikanamugwira mutu. Mwina chikanatitimira pabwalo, koma kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, kuchoka pamthunzi kufika padzuwa, akanapita yekha.

M'mawa mwake ndinapeza Agi akuchapa kuseri kwa nyumba. Mlamu wanga ndiye yekha amene ndikanatha kumufunsa mosapita m'mbali.

"Alamu, manja anayamba liti?"

"Nthawi ya nazale. Linayamba lamanzere."

"Nanga tsiku lija kumjigo?"

"Foni ndinagwira ndine pakhutu pawo." Sanasiye kuchapa. "Tsitsi tinawameta chifukwa sankatha kupesa. Musandiyang'ane choncho, alamu. Amayi anayankha monga amayankhira aliyense. Ine ndinkafuna kukuuzani, koma anandiletsa eni ake. Anati mukamva za manja mulimbikira chodula chija, mukhalanso chaka, ndipo iwo chakacho alibe."

Ndinati ndikanatha kubwereka, ndikanapempha abwana, ndikanabwera kale.

"Mwina," anatero Agi. "Koma iwo amakudziwani. Munanena pochoka kuti simubwera chimanjamanja."

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinasankha molakwa kapena ndinasankhiridwa bwino. Ndikaganiza monga munthu wa kukoleji, yankho n'loonekeratu: wodwala nthenda yoyenda saguliridwa sikuta. Ndikaganiza monga mwamuna wake, ndimaona kuti chikuku choyeneracho chikanafika pamanda. Maganizo awiriwa amakhala nane m'chipinda muno, ndipo palibe limene limagonja.

Enelesi anakhala nafe masabata ochepa. Zimene ndinaphunzira pa thupi la mzungu uja ndinazichita pa thupi lake: kumutembenuza, kumusambitsa, kumumwetsa phala ndi kasupuni kuti asatsamwe. Apongozi ankaima pakhomo n'kumandiyang'ana, ndipo tsiku lina anati, "Manja anu aphunzira, bambo." Pa zonse zimene ndinabwera nazo ku Joni, chimenechi chokha n'chimene chinagwira ntchito.

Anamwalira m'mawa, fodya ali m'mabelo. Tinamuika kumanda a kwawo. Nthawi ya mwambo itakwana, amalume ake anaitanitsa abale anga ku Kaomba kuti andisudzule. Panalibe mkangano, panalibe mawu oipa. Anati, "Bambo, mwatisungira mwana wathu mpaka pomaliza. Mukadali mwana, sitingakumangeni pano. Takumasulani." Nyumba ili pamalo a mbumba yawo, ndiye inatsala. Takondwa ndi wa mbumba yawo, ndiye anatsala. Anati ndizibwera nthawi iliyonse, ndipo ndimapitadi. Anandipatsa zovala zanga, satifiketi yanga, ndi sikuta. "Ichi n'chanu, munachivutikira," anatero. "Kuno chingowonongeka."

Ndinapita ku Joni ndikuganiza kuti ulendo wandichotsa pakati pa anthu anga kwa kanthawi chabe. Nditabwera ndinaona kuti pamudzi paja ndinali kale munthu woyenera kutetezedwa ku nkhani za m'nyumba, monga timachitira ndi mlendo amene timamukonda. Anandikonda, sindikukana. Anandibisira chifukwa chondikonda, anandimasula chifukwa chondikonda. Palibe amene ndingamuloze chala, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akanakhalapo.

Pano ndimagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ya munthu wina pa boma. Mabatire a sikuta ndimawatchaja nthawi ndi nthawi, poti akangokhala amafa. Mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, amene miyendo inapuwala ali mwana koma mapewa ake ali ngati a wodinda mabelo, wabwera kangapo kudzaifunsa. Chinthu chotere anapangira munthu ngati iyeyo. Ndamuuza kuti adikire fodya wa chaka chino agulidwe. Ndikudziwa kuti ndidzamupatsa.

Enelesi anaikwera kamodzi. Linali Loweruka masana, pasanapite nthawi yaitali ndifikire, ndipo anaumirira yekha. Ine ndi Agi tinamunyamula kupita naye pakhonde, tinamukhazika pampando, tinamumangirira ndi zitenje ziwiri, china m'chiuno china pachifuwa. Anauza Agi kuti amuveke duku lake la kutchalitchi. Manja ake ndinawaika ndine pamahandulo, limodzilimodzi. Lamanzere linkaterereka, ndiye Agi analimanga ndi kansalu. Zala ziwiri zija zinalibe mphamvu yokanikiza kachitsulo. Ndinachepetsa liwiro mpaka pomaliza, ndinaima kumanja kwake, ndinawerama, ndinaika dzanja langa pamwamba pa lake n'kukanikiza.

Inayenda. Mchenga wa ku Chulu sunaigwire. Tinadutsa pabwalo, Takondwa akuthamanga kutsogolo, apongozi ataima pakhonde dzanja lili pakamwa. Pachigafa Enelesi anati tiime. Anakoka mpweya wa fodya wouma, n'kunena kuti wa m'munsi wachita chinyezi, timupatule asanachite nkhungu. Ndinati ndamva. Tinapitiriza kulowa njira ya kumjigo, ine msana ukuwawa chifukwa chowerama, iye mutu utatsamira pamkono panga.

Tsiku lomwelo chakumadzulo mpweya unayamba kumuvuta, ndipo kuyambira pamenepo sanathenso kutulutsa mawu. Masiku otsalawo tinkamvana ndi maso ndi zala. Choncho zimene ananena panjira ya kumjigo ndi zimene ndinatsala nazo.

Kutsogolo kwathu kunkabwera amayi atatu, anzake amene ankasoka nawo fodya, zidebe zili pamutu. Atationa anaima, ndipo mmodzi anaimba nthungululu. Enelesi anayesetsa kudzutsa mutu kuuchotsa pamkono panga, ndipo unaimadi. Ndinamva zala ziwiri zija zikufufuza kachitsulo pansi pa dzanja langa. Ankadziwa kuti ndikasiya iima, ndinali nditamuuza. Analankhula osandiyang'ana, maso ali kwa anzakewo.

"Bambo a Tako, tachotsani dzanja lanu pang'ono. Andione ndikubwera ndekha."